ZA PAMSIKA: Kasitomala wakale timukwezere kapena timuleke?

 Sabata ino ndati ndiwapumitse kaye andale, ndikambe nkhani ya pakhomo pathu. Mwini nkhani ndamupempha, ndipo wavomera bola ndisatchule dzina. Tingoti malume anga.

Malumewa amakhala ku Kawale 2, ndipo geni yawo ndi ya maluwa ndi kapinga. Ali ndi kanazale kumunsi chakufupi ndi mtsinje wa Lilongwe, komwe amafesa mbande za maluwa, mapeyala, mango ndi mitengo ya mpanda m'machubu. Koma ndalama yeniyeni yowadyetsa imachokera kumayadi: nyumba zingapo ku Area 47, Area 10 ndi Area 3 komwe amapita kawiri pa sabata ndi anyamata awo kukatchetcha kapinga, kudulira mpanda, kuthira manyowa ndi kusintha maluwa ofota. Si wantchito wa munthu ayi, ndipo mukawatchula kuti gadeniboyi akhoza kukuthamangitsani ndi chikwakwa. Iwo amati ali ndi kampani. Kampaniyo ndi njinga yakapalasa, wilibala, zikwakwa zitatu, sizasi yaikulu, makeni awiri ndi kope lachikuto cholimba.

Tsono Loweruka lina mu Okutobala adandiitanitsa. Ndidawapeza atakhala pakhonde, kope lija lili pamwendo, tiyi atazizira m'kapu.

"Mphwanga, iwe ndiwe wa nyuzi, umadziwa kusanja mawu. Undilembere makalata asanu ndi anayi. Chizungu chofewa, chaulemu. Uwauze mabwana anga kuti ndakweza mtengo, koma zisamveke ngati ndakweza."

Ndidati malume, kalata yoteroyo ku Fomu 4 sadatiphunzitse. Tabwera nalo kopelo tione.

Zimene ndidaona m'menemo abale anzanga, mutu udandizungulira. Nyumba zisanu ndi zinayi za makasitomala akale zimalipira K25,000 iliyonse pamwezi. Mtengowu adaukhazika kumayambiriro a 2021, ndipo chikhazikire sadaugwedezepo. Tsamba lotsatira, nyumba ziwiri zatsopano zimene adapeza chaposachedwa zimalipira K60,000 iliyonse, ndipo eni ake sadanyinyirike n'komwe. Ntchito yake yomweyo, masiku ake omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti atsopanowo malume sawadziwa, ndiye sawachitira manyazi.

Tiyeni tikumbutsane zimene zachitika chiyambire 2021. Nthawi imeneyo dola imodzi inkasinthidwa pafupifupi K800 kubanki. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Tisanapume bwino, mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndipo petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Mwini kalole kamene kamawanyamulira manyowa ndi mbande sadadikire kuti wina amulembere kalata yachizungu chofewa. Adangoti, "Madala, mafuta akwera," basi nkhani yatha. M'kope lomwelo muli umboni wina: kumayambiriro a 2021 malipiro a nyumba imodzi ankagula thumba la feteleza la makilogalamu 50. Pofika kumapeto a 2024, ngakhale kuphatikiza malipiro a nyumba zitatu thumbalo silinkatuluka m'sitolo. Za feteleza wotsika mtengo wa AIP musawafunse, dzina lawo silidatulukepo, ndipo kapinga wa ku Area 10 si chimanga.

Mwina wina ati nanga bwanji osangogwiritsa ntchito manyowa? Aa, inu, manyowa aulere adapita kale. Feteleza atakwera, anthu ambiri adayamba kupanga manyowa a Mbeya aja, osakaniza ndowe, phulusa, madeya ndi feteleza pang'ono. Chiyambire pamenepo woweta nkhuku aliyense adadziwa kuti zitosi ndi ndalama. Kale ankachita kuwachonderera malume kuti abwere adzakolope khola. Lero amawerenga matumba, ndipo thumba lopanda kanthu ubwere nalo lako.

Ndiye pali anyamata. Adali nawo awiri. Mu Febuluwale 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, anyamata adamva pawailesi, n'kumawayang'ana malume ndi diso lofunsa. Mmodzi, amene ankadziwa kudulira mpanda mowongoka ngati waika chingwe, adapirira miyezi ingapo kenako adatsazika. Pano akupalasa kabaza ku Biwi. Sindikumunena ayi, mwana ali ndi mimba yake.

Ndidawafunsa kuti nanga zaka zonsezi mumadikira chiyani? Apa ndi pamene nkhani idatalika, chifukwa nyumba iliyonse m'kopemo ili ndi mbiri yake. Mayi awa ndi amene adawapezera makasitomala atatu pongowatchula kutchalitchi. Bambo awa amawapatsa malaya ndi nsapato chaka chikamatha. Gogo awa ndi amasiye, amuna awo adali mphunzitsi, akudya penshoni. Ndipo bambo ena a ku Area 10, agogo anga atamwalira, adapereka galimoto yawo ndi mafuta awo kunyamula maliro mpaka ku Linthipe, osalandira ngakhale tambala.

"Munthu wotere ndikamuuze kuti chiyani, mphwanga? Kuti zikomo chifukwa cha maliro aja, tsopano onjezani ndalama?"

Ndidakhala chete, chifukwa funsoli si lachibwana. Inu a pamsika mukulidziwa bwino kuposa ine. Aliyense wa inu ali ndi kasitomala wake amene amadutsa mabenchi khumi osayang'ana kumbali kubwera pa inu. Mumadziwa dzina la mwana wake, mudapita kuchinkhoswe cha mchemwali wake. Akafika simutchula mtengo, mumangoika m'jumbo, n'kuponyamo basela. Ndiye tsiku lija mwapita kokapikula m'mamawa n'kupeza dengu la tomato lakwera, wachilendo mumamuuza mtengo watsopano maso ali gwa, koma akatulukira kasitomala uja lilime limalemera. Mumamugulitsa pamtengo wadzulo, n'kumadzitonthoza kuti ndikabweza pa ena. Akulu adati manyazi adapha lambe, koma sadatiuze kuti amapha pang'onopang'ono, K200 lero, K500 mawa, mpaka mpamba wonse utalowa m'miphika ya anthu amene amakukondani.

Chimene chidandipweteka kwambiri m'kope lija ndi tsamba limene adalikhwatcha. Nyumbazo poyamba zidali khumi. Yakhumiyo idawachotsa chaka chatha, ndipo sidawachotse chifukwa cha mtengo. Malume ataona kuti ndalama sikukwana, m'malo mokweza adayamba kubera ntchito. Feteleza wa nyumba imodzi ankagawira nyumba zitatu. Kumene ankapita kawiri pa sabata, sabata zina ankapita kamodzi, n'kunamizira njinga kuti yaphulika. Maluwa ofota ankangowathirira m'malo mosintha. Kapinga adayamba kufiira, mpanda kumera nyanga. Mayi a nyumbayo sadadziwe kuti vuto ndi K25,000. Iwo adangoona kuti mdala uja wayamba ulesi, mwinanso wayamba kumwa. Tsiku lina mlonda adangowabwezera pageti kuti adona apeza wina. Zaka zisanu ndi chimodzi za ntchito yabwino zidathera pamenepo, ndipo mpaka lero mayiwo akamawatchula malume kwa anzawo, amawatchula ngati munthu amene adalowa pansi.

Kodi si zomwezi zimene timachita ndi milu? Mtengo tausiya pomwepo kuti kasitomala asadandaule, koma mulu wa tomato asanu wasanduka wa anayi, wachinayiyo ndi wofinyika tamubisa pansi. Mpukutu wa mpiru wawonda ngati wadwala. Mbale yoyezera ufa taiponda kunsi. Timayesa ngati mayi uja saona. Amaona, abale. Amene amaphika ndiwo tsiku ndi tsiku amadziwa kulemera kwa mpukutu ndi dzanja lokha. Mukamukwezera poyera amadandaula za boma ndi za dola, mwinanso mudandaulira limodzi. Mukamubera mobisa amadandaula za inuyo, ndipo sakuuzani. Amangoyamba kudutsa njira ina.

Malume okha ndi amene adandikumbutsa nkhani ya kale, ine ndisanabadwe. Kwacha itasiyidwa kuti iziyandama mu Febuluwale 1994, zinthu zidathamanga koopsa, moti mu 1995 mitengo idakwera ndi 83 peresenti. Ati padali bambo wina wa okala kuno ku Kawale amene adakana kukweza, n'kumati ine ndidapikula pamtengo wakale, ndigulitsa pamtengo wakale, sindine wakuba. Anthu adakhamukira kwa iye, katundu adatha masiku atatu, iye n'kumasekerera ndi chikwama chodzaza. Atapita kuholoselo, ndalama yonse ija idagula theka la katundu amene adali naye. Atabwereza kawiri, m'okala mudatsala machesi ndi mchere. Malume amaikamba nkhaniyi moseka, osaona kuti bambo wa okalayo ndi iwo amene. Mtengo wogulitsira lero suyenera kuyang'ana zimene mudapikulira dzulo, uyenera kuyang'ana zimene mukapikulire mawa. A kaunjika amene mudayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa cha kukwera kwa mabelo, izi simufuna kuti mtolankhani akuphunzitseni.

Komatu ndisakhale ngati ndikuti kwezani chikwezerekwezere. Alipo ena pakati pathu amene akangomva mphekesera ya dola pawailesi m'mawa, pofika masana bonongwe wothyola kuseri kwa nyumba wakwera kale, ngati amachokera ku Dubai. Amenewo ndi amene amapatsa a John Kapito a bungwe la CAMA zoyankhula, ndipo amatinyozetsa tonse. Komanso si aliyense wokhala kumpanda wa njerwa amene ali ndi ndalama. Ku Area 47 kuli anthu amene nyumba adamanga kale ali pantchito, lero akudikira penshoni imene imatha sabata yoyamba, bilu ya Water Board ili pathebulo. Naye kasitomala kwacha yomweyi yamugwera. Kukweza kumene ndikunena ine ndi kumene mungathe kukufotokoza mutatsegula kope, munthu n'kuona yekha kuti simukumudyera masuku pamutu.

Ndiye makalata aja ndidakana kulemba. Ndidati malume, kalata mukaisiya kwa mlonda, mlonda akapereka kwa wantchito wa m'nyumba, ikafika kwa bwana madzulo atatopa, ndipo adzaiwerenga ngati samani. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo inu maluwa ndi anu omwe, pitani nokha. Tidakhala mpaka mdima tikuwerengera: manyowa, feteleza, machubu, kalole, matayala a njinga, malipiro a mnyamata wotsalayo, ndi kena kake koti iwonso adye, chifukwa m'masamu awo onse malume adali asanadziwerengerepo okha malipiro. Tidapeza kuti pansi pa K45,000 akugwira ntchito yachifundo. Adagwira kumutu.

"Kuchoka pa 25 kufika pa 45? Andithamangitsa ndi agalu."

Ndidati mukadamaonjezera K5,000 chaka chilichonse bwenzi lero tikukamba zochepa, ndipo palibe akadadabwa. Mwasunga ngongole ya manyazi zaka zonsezi, tsopano yabwera ndi chiwongoladzanja ngati ya katapila.

Tidagwirizana zinthu zingapo. Akawauze kumapeto a Okutobala, malipiro atangotuluka, osati pakati pamwezi pamene aliyense nkhope ili gwaa. Mtengo watsopano uyambe mu Disembala, kuti munthu akhale ndi mwezi wathunthu woganiza, komanso ndi nthawi imene mvula yagwa, kapinga akukula usiku umodzi, ndipo aliyense akuona kufunika kwa chikwakwa. Januwale tidamupewa dala, mwezi wa fizi ndi njala uja ngakhale m'bale wako sumupempha kanthu. Ndipo amene anene kuti K45,000 sangathe, asamukakamize kapena kumunyengerera ndi mtengo wakale. Amuuze poyera kuti pa ndalama yochepa ndizibwera kamodzi pa sabata, feteleza muzigula nokha. Ntchito yochepa yogwirizana pamaso, osati yobera kuseri.

Pa gogo amasiye aja tidakangana pang'ono. Ine ndimati akwezeredwe ngati ena onse, bizinesi ndi bizinesi. Malume adakana kwamtuwagalu, ndipo pano ndikuona kuti adalondola iwo. Adati amenewa ndiwasiya pa K25,000, koma ndilemba m'kope kuti K20,000 yotsalayo ndi chopereka changa. Kusiyana kulipo ndithu. Kuthandiza munthu mmodzi mwadala, ukudziwa kuti ukupereka zingati, ndi zina. Kuthandiza anthu asanu ndi anayi chifukwa choopa kutsegula pakamwa, ena mwa iwo ali ndi galimoto ziwiri pakhomo, ndi zinanso.

Adavala jekete lawo la kutchalitchi, kope m'jumbo, n'kuyamba ulendo. Nyumba yoyamba ati adayamba ndi kukamba za nsabwe za m'maluwa kwa mphindi khumi asanafike pamutu wa nkhani. Kenako adangoti, "Mayi, ndabwera ndi nkhani yovuta. Chiyambire 2021 sindinakwezepo. Onani m'kopemu zimene ndikugulira zinthu. Kuyambira Disembala ndipempha K45,000." Mayiwo sadayang'ane n'komwe kopelo. Adati, "Achimwene, ine ndimadabwa kuti mukukwanitsa bwanji. Ndimayesa mwina muli ndi geni ina." Malume pobwera adandiuza mawu amenewa kawiri, ndipo sindikudziwa ngati adawasangalatsa kapena adawapweteka. Zaka zonse zija akudya nsima ya ndiwo zamasamba poopa kukhumudwitsa munthu amene ankangodikira kuuzidwa.

Sizidayende choncho ponse ayi. Nyumba zinayi zidavomera, zina mosavuta, zina atadandaula kaye za bilu ya madzi ndi ya magetsi. Bambo ena adanenerera ngati ali pa Tsoka mpaka adagwirizana K40,000, ndipo malume adalola chifukwa yadi yake ndi yaing'ono. Nyumba ina idasankha zobwera kamodzi pa sabata. Koma mayi amene adawapezera makasitomala kutchalitchi aja ndi amene adapsa mtima. Ati, "Ndiye kuthokoza kwake kumeneku? Pali mnyamata wa ku Chinsapo amene akhoza kugwira ntchito yomweyi pa K20,000." Malume adapepesa, adathokoza pa zonse, koma mtengo sadatsitse. Mayiwo adatenga mnyamata wa ku Chinsapoyo. Kaya mnyamatayo adzapirira miyezi ingati akupalasa njinga mtunda wonsewo pa K20,000, izo ndi zake, nayenso ali ndi kope lake loti adzatsegule tsiku lina.

Usiku umenewo malume sadadye bwino. Ndidayesa kuwaonetsa masamu, kuti ngakhale nyumba imodzi yapita, zotsalazo zikubweretsa ndalama yoposa imene zisanu ndi zinayi zinkabweretsa, ndipo miyendo yawo ipumako. Adangoti, "Iwe ukuwerenga ndalama, ine ndikuwerenga anthu." Sindidawayankhe. Mayi aja akakumana nawo pamsewu pano amayankha moni mwachidule, ndipo zimenezo m'kope mulibe polemba.

Amene mwawerenga bwino mwaona kuti masamu anga akuperewera nyumba imodzi. Zinayi zovomera, imodzi yonenerera, imodzi ya kamodzi pa sabata, imodzi yochoka, ndi gogo amasiye aja, zonse pamodzi zisanu ndi zitatu. Yachisanu ndi chinayi ndi ya bambo a galimoto ya maliro aja. Disembala adadutsa, mvula idagwa, kapinga adatchetchedwa, ndipo bambowo akulipirabe K25,000, osadziwa kuti anzawo onse adakwezeredwa. Malume apitako kale kawiri ndi jekete la kutchalitchi ndi kope m'jumbo. Ulendo woyamba adakamba za chiswe chimene chikudya mtengo wa mapeyala. Ulendo wachiwiri bambowo adawafunsa za manda a agogo ku Linthipe, ngati tidaika kale chiliza, ndipo malume adabwerako ndi jumbo ya malaya.

Dzulo adandiimbira foni kuti Loweruka likudzali ndiwaperekeze. Ati ine ndikangokhala phee pambali, ndisakayankhule kanthu, koma akangoyamba za chiswe ndikakhosomole.